Kamera ya pakhomo la tchalitchi: lipoti la mpingo wina wa Amalawi ku Johannesburg

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yoika makamera a chitetezo ndi kusamalira makompyuta m'maofesi ang'onoang'ono, komanso kuthandiza mabungwe kuti azitsatira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA. Lipoti ili ndi la mpingo wina wa Amalawi womwe umachita lendi holo kumwera kwa mzindawu. Sinditchula dzina la mpingo, la abusa, la kampani yomwe inagulitsa pulogalamu yozindikira nkhope, ngakhale la wina aliyense wokhudzidwa, ndipo akuluakulu a mpingowo anandilola kulemba pamfundo imeneyo. Ndikulembera anzanga a makompyuta amene mipingo imawaitana, ndiponso alembi a mipingo.

M'kaundula wa mpingowu muli anthu oposa 300. Ambiri ndi antchito a m'nyumba, a m'magadeni, alonda, omanga ndi osoka zovala. Alipo amene abwana awo amawapatsa Lamulungu limodzi lokha pa masabata awiri. Ena mapepala awo ali bwinobwino, ena anatha, ena sanakhalepo nawo chibwerereni. Mpingo sufunsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake anthu amamasuka akalowa muholo muja. Mpingowu ulinso ndi thumba la maliro. Aliyense amene wakhala ku Joni akudziwa kulemera kwa thumba lotere: ndi limene limanyamula thupi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukafika pachipata cha Mwanza, kuti munthu akagone kwawo.

Makamera analowa chifukwa cha akuba. Kiyibodi ndi mikisa zitabedwa, ndinaitanidwa n'kuika makamera anayi, imodzi mwa izo pakhomo lalikulu. Patapita miyezi ingapo kunabwera wamalonda wina ndi pulogalamu ya facial recognition, yozindikira munthu poyang'ana nkhope yake. Anauza komiti kuti kamera ya pakhomo ija ikhoza kumalemba yokha amene wabwera ndi amene wajomba, popanda maashala kuyenda ndi buku. Malonda otere si achilendo. Mu 2015 kampani ya Face-Six inatchuka ndi pulogalamu yotchedwa Churchix, ndipo mwini wake anauza atolankhani kuti mipingo pafupifupi 30 inali itayamba kale kuigwiritsa ntchito. Komiti inagula ya chaka chonse. Zithunzi zoyambira anazitenga pa makhadi a umembala, ndipo amene analibe khadi anawatengera chithunzi cha pa WhatsApp. Kumpingo kunangolengezedwa kamodzi kuti "tayamba kulemba kaundula pa kompyuta". Ine anangondipempha kuti ndilumikize kamera ku intaneti. Ndinalumikiza osafunsa funso lililonse.

Chizindikiro choyamba

Patatha miyezi iwiri ndi theka alembi anandiimbira foni. Malamulo a thumba la maliro ankati munthu akasowa kutchalitchi miyezi itatu popanda kunena chifukwa, achotsedwe m'thumbamo. Kale lamuloli linkangokhala papepala, pakuti panalibe amene ankawerenga masabata. Tsopano lipoti linkatuluka lokha Lolemba lililonse, ndiye komiti inayamba kulemba makalata ochenjeza. Imodzi inapita kwa mayi wina wa zaka za m'ma 50. Mayiyu anafika kwa alembi kalata ili m'manja, nati: "Alembi, nsalu ya patebulo lija amayala ndani Lamulungu lililonse? Si ine? Ndiye mukuti ndinasiya tchalitchi?"

Ndinakhala pansi ndi zithunzi za pakhomo za masabata asanu ndi limodzi. Mayiyo analipo masabata onsewo. Kamera inkamuona, koma pulogalamu sinkamuzindikira.

Kwa amene simunatsegulepo mapulogalamu otere, amagwira ntchito motere. Amayamba apeza pamene pali nkhope m'chithunzi. Kenako amaisandutsa mndandanda wa manambala, n'kuyerekeza mndandandawo ndi ya anthu onse amene anasungidwa. Kufanana kukadutsa mulingo umene waikidwa, pulogalamu imati ndi uje. Kukapanda kufika, imati sindikumudziwa. Kulakwitsa kwake kumakhala kwa mitundu iwiri: kukana munthu amene ndi yemweyo, kapena kupatsa munthu dzina la mnzake. Mukakweza mulingo, kukana kumachuluka. Mukautsitsa, kusokoneza anthu kumachuluka. Palibe pamene mungauike kuti zonse ziwiri zithe.

Paholo paja zinthu zinali zitaunjikana. Kamera ndinaiika pamwamba kuti izigwira akuba, motero inkaona zipumi m'malo mwa nkhope. Inkayang'ana khomo lolowa dzuwa la m'mawa, ndiye munthu akamalowa ankaoneka ngati chithunzithunzi chakuda, kuwala konse kuli kumbuyo kwake. Amayi ambiri amalowa atamanga duku mpaka pafupi ndi nsidze, pamene chithunzi cha pakhadi anajambulitsa tsitsi lili poyera, ena zaka zisanu zapitazo. Pamwamba pa izo pali vuto lodziwika la mapulogalamuwa. Mu December 2019 bungwe la boma la America la NIST linatulutsa zotsatira za kuyesa mapulogalamu 189 ochokera kwa opanga 99. Linapeza kuti ambiri amasokoneza kwambiri nkhope za anthu a kumadzulo ndi kum'mawa kwa Africa komanso a kum'mawa kwa Asia, nthawi zina kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100 poyerekeza ndi nkhope za azungu, ndiponso kuti kusokonezako kumakula pa amayi, okalamba ndi ana.

Apa ndi pamene ndinapanga chisankho changa choyamba, ndipo chinali cholakwika. Ndinaiona nkhaniyi ngati ya waya ndi magetsi basi. Ndinatsitsa kamera kufika pafupi ndi msinkhu wa munthu, ndinaika babu lowala mkati mwa khomo, ndinapempha alembi ajambulenso anthu ena, kenako ndinatsitsa mulingo pang'ono. Lamulungu lotsatira mayi uja anatuluka pa lipoti. Komiti inamupepesa, nane ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Mnyamata amene "ankabwera"

Patangotha mwezi umodzi, mayi ake aang'ono a mnyamata wina anaima pakhomo la ofesi ya abusa. Mnyamatayu, womanga nyumba, anagwa pamakwerero kuntchito n'kuthyoka m'chiuno. Anagona m'chipatala masabata atatu, kenako m'chipinda chake cha lendi, yekhayekha. Palibe wa mpingo ndi mmodzi yemwe anakamuona. Mayiwo anafunsa funso limodzi lokha: "Abusa, mwanayu anakulakwirani chiyani?"

Lipoti linkasonyeza kuti mnyamatayo wabwera masabata anayi otsatizana. Nditatsegula zithunzi ndinapeza msuweni wake, amene analibe khadi la umembala ndipo sanali m'pulogalamu. Amafananadi, makamaka m'maso. Chitsitsireni mulingo uja, pulogalamu inkati ikamuona msuweniyo n'kumupatsa dzina la wodwalayo. Kale mtsogoleri wa dera lawo akanazindikira pofika sabata yachiwiri kuti mnyamata uja sakuoneka. Koma atsogoleri a madera anali atauzidwa kuti azingodikira mndandanda wa Lolemba, wa anthu oti awaimbire. Dzina lake silinabwerepo pa mndandandawo.

Anzanga, mfundo imeneyi muisunge. Kulakwitsa kwa mtundu woyamba kumabwera ndi phokoso, chifukwa wolakwiridwayo amadzadandaula yekha. Kwa mtundu wachiwiri kumakhala chete. Amene walembedwa kuti alipo pamene palibe sangadziwe, ndipo amene ankayenera kumufunafuna sayamba n'komwe.

Ndinapempha kuti Lamulungu lotsatira ndisakhudze kompyuta, ndingokhala pabenchi yakumbuyo n'kumaona. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinaona bambo wina akutsitsa kapusi mpaka pamphuno asanafike pakhomo, n'kuivula atadutsa. Ndinaona mtsikana atavala masiki, n'kuichotsa atangokhala pansi. Anthu angapo sanalowere khomo lalikulu, anazungulira kukhitchini. Nditawerenga mitu n'kuyerekeza ndi lipoti, manambala sanagwirizane. Mapemphero atatha ndinacheza ndi ashala wina wachikulire, ndipo anandiuza motsitsa mawu: "Achimwene, anthu akuti kamera ija imatumiza nkhope ku Home Affairs. Ena asiya kubwera. Akuti bola kupemphera pa foni kusiyana n'kukathera ku Lindela."

Lindela, kwa amene muli kumudzi, ndi malo a ku Krugersdorp kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kumayiko kwawo. Komiti inali ikuona chiwerengero chikutsika n'kumati anthu azizira muuzimu. Abusa anali atalalikirapo kawiri za ulesi.

Zimene zinali kuseri kwa pulogalamu

Ndinafuna kutsimikizira anthu kuti mphekeserayo ndi yabodza. Kuti nditero ndinayenera kudziwa kumene zithunzi zinkapita, ndiye ndinapempha mapepala onse. Panalibe mgwirizano wolembedwa pakati pa mpingo ndi kampaniyo, koma lisiti ndi mfundo za pa intaneti zimene msungichuma anavomereza pongodina batani. M'mfundozo munalembedwa kuti zithunzi zimasungidwa pa seva (kompyuta yosungira mafayilo) ya kunja kwa South Africa, osatchula dziko, ndiponso kuti kampani ikhoza kuzigwiritsa ntchito pokonza mapulogalamu ake. Pasiwedi inali imodzi, ndipo inali pa gulu la WhatsApp la komiti, momwe munali anthu awiri amene anachoka kale mumpingo. Aliyense wokhala ndi pasiwediyo akanatha kutsitsa fayilo yokhala ndi nkhope, dzina, nambala ya foni, dera lomwe munthu amakhala, ndi ola limene amafika Lamulungu lililonse.

Munalinso chikwatu cha nkhope "zosadziwika". Mmenemo ndinapezamo alendo, ana a Sande sukulu, wogulitsa mandasi wa pageti, ndi mayi wina amene anabwera kamodzi kokha kudzapemphereredwa nkhani ya m'banja mwake. Ndinatseka laputopu ndikumva kulemera pachifuwa.

Sindinapeze chosonyeza kuti zithunzizo zinapita ku boma kapena kwa wina aliyense. Koma sindikanatha kuima pamaso pa mpingo n'kunena kuti sizingapiteko. Mndandanda unalipo, wathunthu, wa anthu obwera a mtundu umodzi, malo amodzi, ola limodzi. M'zaka zimene magulu ngati Operation Dudula akhala akuyenda m'makwalala kusaka anthu obwera, mantha a anthu aja sanali a umbuli. Iwo anali atazindikira msanga chimene ife ophunzirafe tinachedwa kuchiona. Ndinakumbukiranso kuti ku Beijing, mu September 2018, boma linatseka mpingo wa Zion utakana kuikiridwa makamera m'nyumba yake yopemphereramo. Kuno tinagula tokha, ndi ndalama za chopereka.

Mbali ya lamulo ndi yosavuta kuifotokoza. POPIA inayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Gawo 26 limaika chipembedzo cha munthu ndi zizindikiro za thupi lake, zimene lamulo limazitcha biometric, m'gulu la zinsinsi zapadera zoletsedwa kuzisonkhanitsa pokhapokha pali chifukwa chololedwa. Gawo 28 limalola mpingo kusunga za chipembedzo cha anthu ake, ndipo komiti inkaganiza kuti gawo limeneli likuwaphimba. Silikhudza nkhope. Magawo 34 ndi 35 amateteza ana, gawo 21 limafuna mgwirizano wolembedwa ndi kampani yosunga zinthu m'malo mwanu, gawo 72 limaika malire pa kutumiza zinsinsi kunja kwa dziko, ndipo gawo 10 limati musatenge zoposa zimene cholinga chanu chikufuna. Chindapusa chikhoza kufika R10 miliyoni.

Msonkhano wa akuluakulu

Tinakumana Lachitatu madzulo, anthu asanu ndi anayi. Ndinayamba ndi mnyamata uja, lamulo ndinalisiya kumapeto, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikayamba ndi chindapusa adzangofuna njira yochizembera.

Abusa anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinene pano kuti cholinga chawo chinali chabwino. Mpingo unali utakula kuposa mmene maso a munthu mmodzi angafikire, ndipo chaka cha m'mbuyo mwake anaika m'manda bambo wina amene anadwala nthawi yaitali iwo osadziwa. Zinawapweteka kwambiri. Ankafuna kuti nkhosa ikasowa azidziwa msanga. Choncho anati: "Nanga tikawapatsa mafomu kuti asayine, amene akufuna?"

Funso limeneli ndi limene tinakhalitsapo. Pamapepala njirayo ilipo, pakuti gawo 27 limalola ngati mwini wake wavomera. Koma lamulo lomwelo limati chilolezo chizikhala chochokera pansi pa mtima, chosakakamizidwa. Ndinawafunsa kuti ndani mumpingo muno angabweze fomu yochokera m'manja mwa abusa, ashala ataima pambali, akudziwanso kuti thumba la maliro lili m'manja mwa komiti yomweyi. Panakhala chete. Mkulu wina wachikazi anayankha kuti: "Asayina onse, Abusa. Kenako theka asiya kubwera."

Ndinawafotokozera nkhani ziwiri zakunja. Ku Skellefteå, m'dziko la Sweden, sukulu ina inayesa kulemba kaundula wa ophunzira 22 ndi kamera yozindikira nkhope kwa masabata atatu, makolo atavomera. Mu August 2019 bungwe loteteza zinsinsi m'dzikomo linalamula chindapusa cha ndalama za kumeneko zokwana 200,000, ponena kuti chilolezocho sichinali chaufulu chifukwa ophunzira ali pansi pa ulamuliro wa sukulu, komanso kuti kaundula angalembedwe m'njira zina zosalowerera moyo wa munthu. Mu February 2024 bungwe loteteza zinsinsi la ICO ku Britain linalamula kampani ya Serco Leisure kuti isiye kulemba kubwera kwa antchito oposa 2,000 pa malo 38 pogwiritsa ntchito nkhope ndi zala, pa zifukwa zofananazo. Awa si malamulo a South Africa, koma maganizo ake ndi omwewo, ndipo mphamvu ya m'busa pa mkhristu wake siichepa poyerekeza ndi ya mphunzitsi kapena bwana.

Msungichuma anatsutsa. Anati ndalama za chaka chonse zinalipidwa kale, ndipo anandifunsa ngati sindingaike seva yathuyathu muofesi ndi kamera yabwino kuti isamalakwitse. Ndinayankha kuti ndingathe, ndipo kulakwitsa kungachepedi. Koma mndandanda wolondola kwambiri ndi umenenso ungapweteke anthu kwambiri ukagwa m'manja olakwika, ndipo ofesi yomweyo ndi imene akuba anathyola n'kutenga kiyibodi. Wina anati pakhale makomo awiri, la kamera ndi lopanda kamera. Alembi ndi amene anakana zimenezo, ati aliyense wolowera khomo lachiwiri adzakhala ngati walengeza yekha kuti mapepala ake sali bwino.

Anavota kuti pulogalamu ithe. Mmodzi yekha sanakweze dzanja.

Usiku womwewo ndinasintha pasiwedi n'kuchotsa kamera ya pakhomo pa intaneti. Ndinalangiza kuti tisatsitse fayilo iliyonse "yosungira", ngakhale alembi ankafuna manambala a miyezi yapitayo. Mawa lake mpingo unalembera kampaniyo kalata yofuna kuti ifufute zithunzi zonse, manambala a nkhope, ndi chikwatu cha osadziwika chija, ndipo itsimikize polemba. Makamera a chitetezo anatsala, koma ya pakhomo ndinaisamutsira kuchipinda chosungira zida. Sajambula nthawi ya mapemphero, zojambulidwa zimafufutika zokha pakatha masiku 14, ndipo pakhoma pali chikwangwani cha m'Chichewa ndi m'Chingerezi chonena zimenezi. Lamulo la thumba la maliro linasinthidwa kuti liziyang'ana zopereka za pamwezi, osati kubwera kutchalitchi.

Panali kukangana pang'ono ngati mpingo uuzidwe zonse kapena kungoti makina awonongeka. Ndinaumirira kuti auzidwe, chifukwa nkhope ndi zawo, komanso chifukwa mphekesera siiphedwa ndi bodza lina. Abusa anasankha kulankhula okha. Lamulungu limenelo anaima kutsogolo opanda pepala, nafotokoza zimene kamera inkachita, kumene zithunzi zinkapita, ndi kuti anthu sanafunsidwe. Anapepesa. Anapempha ashala mmodzi kuti akwere pampando n'kuloza pamene kamera inali, kuti aliyense aone mabowo a zomangira pakhoma. Madzulo ake anapita kukamuona mnyamata uja atanyamula ufa ndi usipa.

Kaundula anabwerera kwa anthu. Mtsogoleri aliyense wa dera ali ndi mabanja ochepa amene amawadziwa ndi maina, ndipo wina akasowa kawiri amamuimbira kufunsa za moyo, osalemba paliponse. Maashala amawerenga mitu n'kupereka nambala imodzi yokha kwa alembi, yomwe ndi yokwanira pokonza mipando ndi chakudya. Ntchito yachuluka, ndipo atsogoleri awiri anadandaula za ndalama za mayunitsi mpaka komiti inayamba kuwapatsa kangachepe.

Kwa anzanga a ntchito yathuyi, pali zinthu zimene ndikuchita mosiyana tsopano. Munthu akandipempha kulumikiza kamera ku pulogalamu ya wina, ndimafunsa kaye kuti lipoti lake likapita kwa ndani ndipo likasankhitsa chiyani. Pano linkasankha amene athandizidwe pa maliro ndi amene akayenderedwe, koma palibe anandiuza chifukwa sindinafunse. Sindisinthanso mulingo ndisanayerekeze zotsatira ndi zimene maso anga aona, munthu ndi munthu, kwa masabata angapo. Ndipo ndimayamba ndacheza ndi maashala ndi amayi a kukhitchini ndisanakhale pansi ndi komiti. Amene muli kumudzi musaganize kuti izi n'za ku Joni kokha: Malawi nayo ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Anthu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo patatha miyezi itatu khomo la kukhitchini linasiya kulowera anthu. Mnyamata uja amayenda ndi ndodo, amabwera ndi msuweni wake yemwe uja. Banja limodzi la ana atatu silinabwerere. Mtsogoleri wa dera lawo atawayendera, mayi wa m'nyumbamo anamulandira bwino, anamuphikira tiyi, koma anati zithunzi za ana ake zinapita kale ndipo palibe angazibweze.

Kampaniyo inayankha patatha masabata asanu ndi mzere umodzi, wonena kuti akaunti yatsekedwa. Tinalembanso kufunsa za makope osungidwa padera ndiponso ngati nkhopezo zinagwiritsidwa ntchito pophunzitsa pulogalamu yawo. Sanayankhe. Mpingo wakonza dandaulo lopita ku Information Regulator, bungwe loyang'anira lamulo la POPIA, alembi asayina, ndipo ine ndikupitiriza kulembera kampaniyo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse.